Mapilitsi Pansi pa Lilime

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Andigoneka lelo masana. Wadi ya amuna, bedi lachinayi kuchokela pakhomo, pafupi ndi zenela. Ku Nyimba anandiona m'mawa n'kundilembela kalata yobwela kuno ku Petauke. Tinakwela basi ine ndi mkazi wanga Jennipher, amake Abby, nsapato zanga zili m'manja chifukwa mapazi anakana kulowa.

Buku ili ndi la mvula, limene ndimalembamo mamilimita a kudela langa. Masamba akumbuyo alibe kanthu, ndiye ndizilembamo za ine. Mutu ukumandisokonekela masiku ano, choncho ndiyambe ndi dzina: Josphat Chibuye, zaka 49, mlangizi wa zaulimi kwa Nyalugwe. Matenda a impso anandipeza nawo zaka zitatu zapitazo. Gwelo lake ndi bipi.

Za lelo: bipi 198/116. Sikelo 74, pamene ndimakhala 67. Makilo asanu ndi awiliwo ndi madzi. Kiliyatinini, chinyalala cha m'magazi chimene amaonela mphamvu ya impso, 612. Mu Juni inali 290. Potaziyamu 6.3. Akuti mchele umenewu ukakwela kupitilila apa umaimitsa mtima. Andibaya jakisoni wotetezela mtima, andiika dilipi ya shuga ndi insulini, andipumitsa nthunzi ya mankhwala, n'kundibayanso wokodzetsa.

Adokotala ndi amai, a Nalishebo, kwawo ku Mongu. Chinyanja chawo n'chapang'onopang'ono koma chomveka. Anayang'ana manambala a Juni, anayang'ana a lelo, kenako anayang'ana ine.

"A Chibuye, mapilitsi a bipi mukumwa tsiku lililonse?"

Amake Abby anali kumiyendo kwa bedi, akupinda chitenje chopindapinda kale.

"Ndikumwa," ndinatelo.

Ndinasiya pa 9 Julayi.

Lachiwili, 7

Bipi 190/112. Mkodzo wa tsiku lonse m'jagi: 700. Madzi akumwa andiikila malile, lita imodzi chabe, ndi kutentha kwa Okutobala kumeneku. Ndikunyowetsa milomo ndi chala.

Ndilembe za botolo, kuti zikhale penapake.

Mu Juni, Jennipher anapita ku msonkhano ku Nyimba. Anthu anachokela ku Lusaka, ovala bwino, ndi zithunzi za matumbo pakhoma. Anabwelako ndi botolo lobiliwila la makapisozi. Ati m'kapisozi iliyonse muli tizilombo tamoyo, tabwino, mamiliyoni. Ati matenda a impso amayambila m'matumbo. Ukakonza matumbo, impso zimadzuka. Ndipo ati mapilitsi a kuchipatala amapha tizilomboto, ndiye osaphatikiza.

Analembetsa kukhala wogulitsa. Sanalowe chifukwa cha malonda, analowa chifukwa cha ine. Zaka zitatu wakhala akuphika miphika iwili, wanga wopanda mchele, ndipo manambala anga amangokwelabe. Tsiku limenelo anabwela akuseka ngati mtsikana.

Inenso sindinakakamizidwe. Chaka chilichonse ndimaima pamaso pa alimi kuwaphunzitsa kupaka mbewu ya soya ufa wakuda uja wa tizilombo tosaoneka, ndipo ndimawachenjeza kuti mankhwala ena amatipha. Pakapita masabata tizula mbewu imodzi, mizu ili ndi timatuza tonyamula chonde. Ndinaona kuti za botolo zikufanana ndi za kumunda. Masabata oyamba m'mimba munapepuka, chizungulile chinatha. Ndinati zagwila.

M'mawa uno asisita Happiness abweletsa kapilitsi koyela, amulodipini 10. Ndinakaika pansi pa lilime, ndinameza madzi okha, iwo atapitilila ndinakalavulila m'kampango. Kapisozi ndinameza amake Abby atabwela, chitseko cha loka, kakabati ka pambali pa bedi, chitanditchinga.

Bedi lachitatu kuli a Febian Daka, kalipentala wa konkuno, zaka 58. Shuga, bipi, impso. Akazi awo amakhala pansi pambali pa bedi, amawaitana awisi Jordan, ndiye kuti atate ake Jordan. Atandiona ndikulemba anandipatsa moni wakwawo, anati, "Muli tyani, aphunzitsi?" Ndinati ndine wa zaulimi. Anati chimodzimodzi, nonse mumakonda kuuza anthu zochita. Ali ndi zitseko zisanu ndi chimodzi za sukulu zimene anazisiya osazipala, ndipo ndizo amadandaula kuposa miyendo yawo yotupa.

Lachitatu, 8

Bipi 192/112. Potaziyamu 6.0. Mkodzo 900. Sikelo 73.

Adokotala anandidina pamimba n'kufunsa kuti ndinachita chimbudzi liti. Ndinawelenga: masiku asanu ndi limodzi.

"Ndiye chifukwa china potaziyamu akuchedwa kutsika," anatelo. "Impso zikafooka, matumbo amathandiza kutulutsa mchele umenewu. Mukadzimbidwa, khomo lachiwili nalonso latsekeka. Komanso chakudya chikakhalitsa m'matumbo, tizilombo ta m'menemo timapanga poizoni wambili, amalowa m'magazi, impso zanu n'kulephela kumuchotsa."

Andilembela manyuchi a lakitulozi, 30 ml katatu pa tsiku. Awa ndikumwa ndithu. Awonjezelanso mapilitsi achiwili a bipi, achikasu, methilodopa, katatu pa tsiku.

Amake Abby anali pomwepo, anamva zonse. Adokotala atangofika bedi lachisanu anandigwila dzanja.

"Mwamva, atate ake Abby? Matumbo! Tizilombo! Si zomwe ananena anthu aja? Ngakhale adokotala akudziwa, kungoti sangavomele."

Mumtima ndinakondwela.

Masana kunabwela alamu anga a ku Nyimba ndi mkoko wa nthochi, wakupsa bwino, ndi delele wa chidulo m'kontena. Asisita Happiness anatenga zonse. Nthochi ai, kotapela ai, chidulo ai, soda ai. Ati zonsezi ndi potaziyamu. Alamu anati munthu wokwatila ku Nyimba, kwawo kwa nthochi, kumukaniza nthochi n'kumupha ndi njala dala. Wadi yonse inaseka. Nthochizo adya a m'mabedi ena, ine ndi a Daka tikungomva fungo.

Achikasu awili alowa m'kampango.

Lachinayi, 9

Bipi 196/114. Kiliyatinini 640. Chimbudzi palibe.

Asisita atadutsa ndi mankhwala a masana, a Daka anatembenukila kwa ine.

"A Chibuye, maso anga ndi a kalipentala. Kamsomali kakagwela mu utuchi ndimakaona. Mapilitsi anu akupita m'kampango."

Ndinaganiza kuti akandinenela kwa asisita. Koma sanali kundiopseza, amafuna kudziwa. Ndinatulutsa botolo, ndinawafotokozela zonse: msonkhano, tizilombo, soya, ndi mawu a adokotala a mailo, Lachitatu lija. Ndinalankhula bwino, monga ndimalankhulila pa tsiku la chionetselo kumunda. Anamvetsela chibwano chili padzanja.

"Ine zaka zisanu ndi zinayi ndikumeza za anthuwa," anatelo. "Taonani miyendo. Nipatsenkoni."

Ndinang'amba pepala kumbuyo kwa bukuli, ndinakulungamo makapisozi khumi.

"Nanga awa a asisita nizitani nawo?"

"Osaphatikiza," ndinatelo. "Amapha tizilombo."

Anabisa pepalalo m'pilo. Madzulo ndinawaona akupatsila akazi awo kanthu m'manja.

Lachisanu, 10

Bipi 204/118. Kiliyatinini 655.

Maso achita nkhungu. Ndikulemba zilembo zikuluzikulu. Mutu ukugunda kunkhongo.

Adokotala anakhala pamphepete pa bedi, chimene sanachitepo. Anawalitsa tochi m'maso mwanga nthawi yaitali.

"Sindikumvetsa, a Chibuye. Mitundu iwili ya mankhwala, bipi sikusuntha. Mitsempha ya m'maso yayamba kuonongeka. Za m'impso n'chimodzimodzi."

Awonjezela achitatu, haidilalazini. Ndipo anena mawu amene ndakhala ndikuwathawa: makina otsuka magazi. Pofika Lachiwili zikapanda kusintha, anditumiza ku Chipata. Katatu pa sabata, maola anayi nthawi iliyonse, moyo wonse wotsala. Kuchokela kwa Nyalugwe sizingatheke. Ndiye kuti ntchito yatha, tisamuke, Abby asinthe sukulu ali m'giledi 11.

Ndinafuna kunena. Lilime linali lokonzeka. Ndinaganiza za amake Abby ataimilila pamaso pa wadi yonse ngati munthu amene wapha mwamuna wake. Ndinakhala chete.

Cha m'ma 3 koloko m'mimba munatseguka. Katatu. Ndapepukidwa.

Jennipher akuti manambala akwela chifukwa poizoni akutuluka. Anthu aja anamuuza pa foni kuti zimayamba zatelo. Ndinamufunsa kuti zimatelo mpaka liti. Sanadziwe.

Loweluka, 11

Ndinameza onse atatu m'mawa. Sindinauze munthu.

Cha m'ma 11 ndinagwa pakhomo la bafa. Mlomo wang'ambika. Bipi 94/56.

Anaitana a Nalishebo kunyumba. "Mailo 204, lelo 94?" Anandiyang'anitsitsa. Aimitsa mitundu iwili, asiya umodzi.

Potaziyamu 5.3.

Sondo, 12

Mkodzo watsika, 400. Akuti kugwa kwa bipi kwa mailo kwapweteka impso. Kiliyatinini 688. Kapilitsi koyela ndameza. Botolo sindinalikhudze.

A Daka amanga nsalu kumutu. Asisita anawelenga mokweza, 212/122, n'kupita kukaimba foni. Awawonjezela mankhwala. Atachoka, a Daka ananditsinzinila diso. "Tizilombo tayamba nchito," anatelo. "Nikumva mu mutu."

Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo kwaya ya tchalitchi inalowa kudzapemphelela odwala, inaima pakati pa mabedi athu. Itachoka panabwela abale awo asanu. Kenako anagona tulo.

Ndiwauza mailo, Lolemba, m'mawa.

Lolemba, 13

Ndikulemba masana. Bedi lachitatu lili lopanda munthu.

M'mawa tinalandila phala. Ndinati amalize kudya ndiwauze. A Daka ananyamula kapu, kapuyo inawapulumuka, phala linatayikila pa bulangeti. Ndinaganiza kuti yawaotcha. Atatembenuka, mlomo unali utakhotela mbali imodzi. Dzanja lamanja linali lende. Anayesa kulankhula, zinatuluka zosamveka.

"Awisi Jordan! Awisi Jordan!" akazi awo anakuwa, akuwagwedeza phewa.

Asisita Happiness anathamanga, adokotala pambuyo. Anakoka makatani koma sanakumane bwino, ndimaona zonse. Bipi 228/130. Adokotala anatenga fayilo, akutsegula masamba mwachangu.

"Mankhwala onse amwa? Mailo? Dzana?"

"Onse, adokotala. Ndasaina ndine."

Anatelo asisita Happiness. Adokotala anawafunsanso kachiwili, mwaukali pang'ono.

"Sanamwe," ndinatelo ine.

Sanandimve. Ndinadzuka, ndinagwila katani.

"Adokotala, sanamwe. Kuyambila Lachinayi madzulo. Ndinawauza ndine."

Ndinatsegula loka, ndinatulutsa botolo lobiliwila ndi kampango. Ndinakamasula pa bedi. Mapilitsi khumi ndi anayi, ena osungunuka theka, oyela ndi achikasu atamatilana. Ngakhale bambo wa bedi lachisanu ndi chimodzi, amene amabuula osaleka, analeka.

Adokotala sanakalipe. Anayang'ana kampango kamphindi chabe.

"Inuyo kuyambila liti?"

"Julayi."

"Khalani pansi. Ndibwela kwa inu."

Anabwelela kuseli kwa katani. Ndinamva akusintha malangizo: mankhwala a m'mitsempha, pang'onopang'ono, osatsitsa bipi mwadzidzidzi. Cha m'ma 10 ambulansi inanyamuka kupita ku Chipata. Powatulutsa, diso limodzi la a Daka linali pa ine. Sindikudziwa ngati limandiona. Akazi awo anatola mabeseni ndi mabulangeti, anadutsa pafupi ndi mapazi anga osatembenuka.

Asisita Happiness abwela masana ndi kapilitsi kanga. Anaima pomwepo mpaka nditameza, n'kuti, "Yasamulani." Ndinayasamula ngati mwana wa sikelo. Kenako anati, motsitsa mawu, "Bambo, mukanakhala chete, mlandu ukanagwela ine." Sindinadziwe ngati akuthokoza kapena akudzudzula.

Amake Abby lelo anapita ku Nyimba kukaona nyumba ya amai awo. Sakudziwa kanthu.

Lachiwili, 14

Bipi 168/98. Kiliyatinini 671. Mkodzo 850.

Adokotala anadikila Jennipher afike, n'kutitengela m'kachipinda ka asisita. Botolo linali patebulo. Ndinamuuza ndekha zimene zinachitika. Anagwila pakamwa. Kenako anawongoka.

"Koma adokotala, inu nomwe munanena. Munati matumbo. Munati tizilombo. Ndinamva ndi makutu anga."

"Ndinanena, amai, ndipo n'zoona. Matumbo ndi impso zimathandizana. Tizilombo ta m'matumbo tikagaya zotsala za nyama timapanga poizoni, ndipo mwa munthu wa impso zofooka poizoniyo amaunjikana. Ofufuza akuyesadi makapisozi a tizilombo tabwino. Ena apeza kuti poizoni amatsikako pang'ono, ena sanapeze kusintha kulikonse. Nkhaniyo sinathe. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene waonetsa kuti makapisozi amadzutsa impso zakufa, kapena kuti amalowa m'malo mwa mankhwala a bipi. Ndipo mapilitsi a bipi sapha tizilombo. Amene anakuuzani zimenezo anakunamizani."

Anatembenuza botolo, anawelenga mbali zonse.

"Ili sindikudziwa n'komwe muli chiyani. Palibe chizindikilo choti linayesedwa. Mwina muli tizilombo, mwina tinafa kalekale ndi kutentha. Mukanandionetsa mu Juni, tikanakambilana. Mwina ndikanati imwani ngati m'mimba mukupepuka, koma pamodzi ndi mapilitsi. Chaononga impso za amuna anu ndi miyezi itatu ya bipi yopanda chomangila."

Ndinafunsa chimene ndakhala ndikudzifunsa kuyambila mailo. "A Daka. Ndine ndachititsa?"

Adokotala anaika botolo patebulo.

"Bipi yawo inali yoipa kale. Sindinganene kuti sizikanachitika. Sindinganenenso kuti masiku anayi aja sanachite kanthu. Ndikakuuzani china, ndikunamizani."

Za ku Chipata aziimitsa kaye. Akuti tsopano akudziwa chimene akulimbana nacho, aone masiku angapo.

Tikuimilila, adokotala anamufunsa Jennipher, "Amai, mwagulitsa kwa anthu angati?"

Jennipher anatuluka, anadutsa wadi osaima pa bedi langa. Fulasiki ya tiyi waisiya pa loka.

Lachitatu, 15

162/96. Mkodzo 1,100. Jennipher sanabwele. Foni yake yazima.

Lachinayi, 16

Bipi 156/94. Kiliyatinini 590. Yayamba kutsika. Sikelo 70. Akakolo ayamba kuoneka.

Sanabwele. Ndinaimbila Abby ku sukulu, sakudziwa kumene amake ali. Ndinamuuza kuti ali pa ulendo wa tchalitchi. Bodza lina. Ndinamuimbilanso n'kumuuza kuti sindikudziwa.

Kunabwela a Wendy, oona za zakudya. Ndalemba zonse. Ndiwo zamasamba aziduladula, aziwilitsa m'madzi ambili, madziwo n'kutaya. Kabichi, impwa, delele wopanda chidulo. Ufa wa mgaiwa uli bwino kusiyana ndi woyela, umayendetsa m'mimba. Nyemba pang'ono, zonyika usiku wonse, madzi n'kutaya. Nyama kachidutswa ngati bokosi la machesi, osati tsiku lililonse. Mabisi theka la kapu, osapitilila, chifukwa mkaka uli ndi michele ina imene impso zanga sizingachotse. Masiku awili osachita chimbudzi, ndimwe lakitulozi, osadikila.

Ndinawafunsa za tizilombo tabwino. Anati, "Muli nato kale, bambo. Tikungofuna masamba ndi gaga."

Bambo wa bedi lachisanu ndi chimodzi sandipatsanso moni.

Lachisanu, 17

150/92. Kiliyatinini 541. Potaziyamu 4.9. Maso akuyela.

Bedi lachitatu agonekapo mnyamata wothyoka mwendo pa njinga yamoto. Popukuta pansi, oyeletsa anapeza pensulo ya a Daka, yafulati ija ya akalipentala, yosongoledwa ndi mpeni. Anandifunsa ngati ndi yanga. Ndinati aipeleke kwa asisita.

Sanabwele. Tsiku lachitatu.

Loweluka, 18

Jennipher anafika masana, mapazi ali mbuu ndi fumbi, milomo yosweka. Sanapeleke moni. Anakhala pansi pomwe ankakhala akazi a a Daka, anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa pepala.

Maina khumi ndi limodzi. Khumi okhwatchidwa.

Masiku onsewa amayenda khomo ndi khomo, ku Nyimba ndi m'midzi ya kwathu, pa njinga ndi wapansi. Aliyense amene anamugulitsa botolo. Asanu ndi mmodzi amamwa makapisozi pamodzi ndi mankhwala awo, kapena analibe matenda ena alionse. Anayi anali atasiya: awili a bipi, mmodzi wa shuga, ndi mtsikana mmodzi amene mankhwala ake sindiwalemba pano. Onse anayi anawapelekeza yekha ku kiliniki. Amai ena a pamsika anamutukwana pagulu, ati nsanje, akufuna makapisozi akhale a mwamuna wake yekha. Jennipher anagona pakhonde la mbale wake, m'mawa anapitanso, mpaka amaiwo anavomela.

Anaimbilanso amene anamulembetsa. Yankho lake: "Ife sitinauze munthu kusiya mankhwala. Onani pa pepala ngati zalembedwa." Anayang'ana. Sizinalembedwe. Zinanenedwa pakamwa, m'holo, anthu akuomba m'manja.

"Ndimafuna mukhale ndi moyo, atate ake Abby," anatelo. Sanalile. Maso ake anali pa jagi ya mkodzo.

"Ndikudziwa. A Daka sunawauze ndiwe."

Dzina lotsala ndi la amai Njobvu, mlimi wotsogolela wa m'dela langa, a bipi. Mudzi wawo uli kuseli kwa phili, foni sigwila. Anapitako, anapeza ali ku malilo kutali. Amaiwo anagula chifukwa anamva kuti alangizi akumwa.

Bipi 148/90. Anagona tulo atatsamila bedi, nthawi ya alendo yonse.

Lolemba, 20

146/88. Kiliyatinini 488. Mkodzo 1,400.

Asisita Happiness anandiuza kuti akazi a a Daka anaimba kufunsa za pepala lina. Ndinapempha nambala. Anati ayambe afunsa eni ake. Masana anabwela nayo italembedwa pa kabokosi ka magolovesi.

Ndinapita pakhonde. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Amai, ndine Chibuye, wa bedi lachinayi."

"Nakudziwani."

A Daka ali moyo. Awayambitsa makina, atsukidwa kawili. Mwendo ukusuntha pang'ono. Dzanja lamanja ai. Mawu ai.

Ndinayamba kupepesa, anandidula.

"Mapilitsi nenze kutaya ndine, mu chimbuzi. Ananituma, nenze kutaya. Lomba mufuna ninene kuti palibe mulandu? Sininganene lelo, bambo. Neo nemwine nikalibe kuzikhululukila."

Ndinamva kuti nawonso sanadzikhululukilebe. Ndinati sindikupempha zimenezo. Ndinangofuna adziwe kuti sindinathawe.

Kenako anati aika foni pakhutu pa amuna awo, ndilankhule. Ndinamva kupuma. Ndinati, "A Daka, ndine. Ndinakuuzani zabodza. Ine ndinayambanso kumwa Loweluka, osakuuzani. Pepani." Kunamveka liwu limodzi, lalitali, lochokela pakhosi. Sindikudziwa tanthauzo lake. Foni inaduka.

Ndinakhala pakhondepo mpaka asisita anabwela kudzanditenga.

Lachitatu, 22

Anditulutsa. Bipi 142/88. Kiliyatinini 462. Potaziyamu 4.8. Sikelo 67.5. Nsapato zalowa.

Adokotala sanandibisile. Ku 290 sindidzabwelelako. Zimene zinapsa m'miyezi itatu ija zinapsa. Makina ndidzawafunabe, mwina pakapita chaka, mwina ziwili, ndikasamala. Pa 19 Novembala ndikaonekele ku Chipata kuti ayambe kukonzekela. Ndikafika ndikafunsa wadi ya a Daka.

Mankhwala: amulodipini 10 m'mawa, methilodopa katatu, wokodzetsa m'mawa, lakitulozi pakafunika. Chilichonse chatsopano, cha m'sitolo, cha m'tchile kapena cha pa msonkhano, ndiyambe ndawaonetsa. Botolo alisunga, alitumiza kwa oona za mankhwala pamodzi ndi kalata. Jennipher analemba yekha zimene zinanenedwa m'holo muja n'kusainila.

Tagula makina oyezela bipi pa famase ya pafupi ndi siteshoni.

Lachisanu, 24, kunyumba

138/86 m'mawa.

Tinanyamuka dzuwa lisanakwele, pa njinga yamoto ya ntchito, Jennipher kumbuyo. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, manja akadali ofooka. Amai Njobvu tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akuswa nsawa za mbewu.

"Alangizi! Tinamva ati mwafa."

Anatiyalila mphasa. Jennipher sanakhalepo. Anagwada pafumbi n'kunena zonse, kuyambila ku msonkhano mpaka kwa a Daka. Amaiwo anamvetsela manja akuswabe nsawa.

"Koma ine nili bwino," anatelo. "Kuchokela Ogasiti sininamwe, mutu chabe nthawi zina. Imwe alangizi simunatinamizepo."

"Ulendo uno ndinakunamizani, amai."

Ndinawaonetsa mikono yanga, mabala a singano akadali akuda. Ndinatulutsa makina, ndinawamanga pamkono. 186/104. Ndinayezanso. 188/104. Anasiya nsawa.

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini, mapilitsi a miyezi iwili ali momwemo. Anafuna kumeza atatu pomwepo. Ndinawagwila dzanja, ndinawaonetsa chipsela cha pamlomo panga. Ndinati tipite ku kiliniki akawayambitse bwino. Anakwela kumbuyo kwanga. Jennipher anatitsatila wapansi, makilomita asanu ndi limodzi.

Anafika dzuwa lili pamutu, a ku kiliniki atawaona kale amaiwo, titakhala pa benchi. Anatulutsa pepala lake, anapempha bolopeni yanga, anakhwatcha dzina lomaliza. Anapuma mpweya wautali.

Amai Njobvu anali kuyang'ana pepalalo.

"Mwalemba maina a ogula chabe?" anafunsa. "Chifukwa ine botolo lachiwili ninagawila akulu anga a kutsidya kwa mtsinje. Na apongozi awo, a shuga. Ninawauza monga munaniuzila."

Jennipher anali atandibwezela kale bolopeni. Anatambasulanso dzanja.

"Maina awo ndani, amai?"

Tinyamuka mailo, Loweluka, 5 koloko m'mawa, kupita kutsidya kwa mtsinje.